Yankho kwa mayi a ku Santhe pa nkhani ya zithunzi za ng'ombe

Mayi, funso lanu ndaliwerenga. Mwati ng'ombe za aneba zinalowa m'munda mwanu n'kudya chimanga, mwana wa achemwali anu anazijambula pa foni chakumadzulo, ndiye poti zithunzizo zinada, munaziwalitsa ndi app kuti ng'ombezo zioneke bwino. Kwa amfumu nkhani yakanika, eni ng'ombe akukanitsitsa, ndipo mukufuna kudziwa ngati khoti la majisitireti ku boma ku Kasungu lingalandire zithunzizo.

Kulandira lingalandire. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalola kuti zinthu za pa foni kapena pa kompyuta zikhale umboni. Koma kulandira ndi kukhulupirira n'zosiyana, ndipo pamene pangakuvuteni ndi pa kuwalitsa paja. Aneba anu akangonena kuti chithunzichi chinakonzedwa, inu simungakane, chifukwa n'zoona. Funso lotsatira lidzakhala lakuti, nanga chenichenicho chili kuti?

Choncho lero lomwe pezani foni ya mwanayo. Asafufute kanthu, asaigulitse, asapite nayo kokafulashitsa (kufufutitsa zonse za m'foni kuti iyambirenso ngati yatsopano). Ine ntchito yanga ndi yokonza mafoni, ndipo anthu amabwera kudzalira kuti tiwabwezere zithunzi foni itafulashidwa kale, pamene palibenso chochita. Chithunzi chimene chili m'foni yomwe inajambulayo chimasunga zambiri zosaoneka ndi maso: tsiku, ola, mtundu wa foni, ndiponso malo ngati location inali yoyatsa. Zimenezi amati EXIF. Mukatumiza chithunzi pa WhatsApp mwachizolowezi, chimachepetsedwa ndipo zambiri za izi zimachoka. Screenshot ndiye musaiwerengere n'komwe, imangosonyeza nthawi imene munaijambula pa sikirini. Ngati mukufuna kope lanu, mwanayo akutumizireni ngati document, kapena mukopere pa memori khadi ndi kuisunga padera. Bandulo idyeka yambiri pang'ono, koma musaumire.

Kuwalitsa pakokha si mlandu. Mukhoza kupita nazo zonse ziwiri, chakuda ndi chowala, n'kunena poyera kuti ichi ndi chenicheni, ichi tinangowonjezera kuwala. Chimene ndimaopa ine ndi ma app a AI (nzeru za makompyuta) aja olonjeza kuyeretsa chithunzi. Amenewo sawulula zimene zinabisika mu mdima, amachita kupeka zimene kamera sinaone. Akhoza kuikira ng'ombe banga pamphumi kapena kuwongola nyanga yopindika, ndiye mwini wake adzaitulutsa m'khola n'kunena kuti onani, yanga siili chonchi. Mlandu wabwinobwino n'kugwera pomwepo. Ngati app imene munagwiritsa ntchito ndi ya mtundu umenewo, chithunzi chakecho chisiyeni kunyumba. Musadulenso chithunzi m'mbali. Mtengo wa mango, chulu kapena njira imene ikuoneka kumbuyo ndi zimene zingasonyeze kuti mundawo ndi wanu, osati wa munthu wina ku Chamama.

Ena amati chithunzi sichinama. Pepani, tsiku la m'foni munthu amatha kulisintha ndi chala, ndipo a khoti amadziwa zimenezo. N'chifukwa chake wojambulayo ayenera kupita iye mwini kukaima ngati mboni, afotokoze kuti anaima pati, inali nthawi yanji, anaona ng'ombe zingati, ndipo mbali inayo imufunse mafunso. Inu simungamuyankhulire pa zimene simunaone. Ngati alipo wina amene anathandiza kupirikitsa ng'ombezo, kapena anaona mnyamata woweta akuzitulutsa m'mundamo, ameneyo ndi wofunika kuposa zithunzi khumi.

Chithunzi cha ng'ombe sichinena kukula kwa zimene zaonongeka, pamene chipukuta misozi chimadalira pamenepo. Pitani masana kukuwala mukajambule mizere yodyedwayo, mapazi a ng'ombe ndi ndowe zisanafafanizike ndi mvula. Itanani alangizi a zaulimi a m'dera lanu adzaone, alembe. Pa za kasumidwe ndi mapepala, ngati ndalama ya loya palibe, funsani a Legal Aid Bureau.

Tsiku la mlandu tengani zithunzi zosindikiza pa pepala, koma foni nayo ipite, yodzaza moto, chifukwa akhoza kufuna kuona chithunzicho m'foni momwemo.