Mwandiputa ndi funso la tatuu

Achemwali, imelo yanu yandigunda pachilonda. Mukuti muli ndi zaka 24, mumadzidalira nokha, mukufuna kuboola mphuno muike chipini komanso kujambulitsa tatuu wamng'ono paphewa. Amayi anu akuti zimenezo ndi za atsikana oyendayenda, bwenzi lanu langoti "zili ndi iwe" nkhope ili gwaa. Ndiye mukufunsa ngati kuli kulakwa.

Ndikuyankhani, koma muyambe mwamva zanga, chifukwa ine tatuu ndili naye.

Ali mkati mwa mkono wamanzere, chakufupi ndi chigongono. Ndi mawu awiri okha, "Ufike bwino", m'kalembedwe ka malemu amayi anga. Iwo anali ndi chizolowezi cholemba mawu amenewa pakapepala n'kundiponyera m'chikwama ndikamanyamuka ulendo wautali, osandiuza. Atamwalira ndinapeza kapepala kamodzi katabisala m'thumba la chikwama chakale, inki itayamba kufufutika. Ndinkaopa kuti tsiku lina ndidzakafutukula n'kupeza palibe kanthu. Ndinapita nako kwa wojambula, iye n'kukopera mawuwo papepala lake lopyapyala lija, n'kulimata pakhungu, zilembo n'kutsalira pamkono. Amayi ankalemba "f" wautali, wopendekera kumanja. Wojambulayo anandifunsa ngati amuwongole pang'ono kuti aoneke bwino. Ndinamuuza kuti akangomuwongola ine ndinyamuka.

Kupweteka kumapweteka, asakunamizeni. Kamakina kamalira mosapumira, singano zikubaya mothamanga moti sumva kubaya kumodzikumodzi, umangomva kutentha kokanda kukuyenda pakhungu. Iye amati akajambula pang'ono, apukute inki ndi timagazi, ajambulenso. Koma chimene chinandizunza kwambiri ndi kuyabwa kwa masiku otsatira, khungu likusupuka, lamulo lili loti usakande ngakhale pang'ono. Ndinkagona dzanja lamanja nditalitsamira kuti lisachite zake ndili m'tulo.

Kwa nthawi ndithu ndinkavala za manja aatali ndikamapita kwa abale. Tsiku lina tili pamodzi apabanja ndinaiwala, ndinapinda manja a malaya kuti nditsuke mbale. Amayi aakulu, akulu awo a amayi anga, anandigwira dzanja n'kulitembenuza. Kalembedwe ka mng'ono wawo anakazindikira, ndinaona milomo yawo ikugwedera powerenga. Ndinkaganiza kuti andikumbatira. Iwo anati, "Iwe mwana iwe, thupi lako wasandutsa khoma lolembapo? Mayi ako akanakhala moyo bwenzi lero akulira."

Ndinati, "Pepani amayi." Mpaka lero sindidziwa kuti ndinkapepesa chiyani.

Poyamba kalatayi ndimafuna kukuuzani kuti akuluakulu tiziwamvetsa, anakula nthawi ina. Koma pamene ndikulemba mtima ukukwera, ndipo mawu amenewo ndawabweza. Amayi aakulu omwewo tsiku limenelo anali atavala ndolo makutu onse awiri. Bowo la pakhutu ndi ulemu, koma bowo lomwelo likangosuntha pang'ono n'kufika pamphuno lasanduka uhule? Malire amenewa anawalemba ndani, ndipo anafunsa yani? Amene amakuweruzani chifukwa cha chipini sakuyeza khalidwe lanu ayi, wangosankha njira yachidule chifukwa kudziwa munthu kumafuna nthawi. Akale anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, ndipo anthu amakonda kutiponyera mwambiwu ife a matatuu, kuiwala kuti umaluma kwambiri aja a khungu losalala ndi kolala yoyera. Amene anandibera ndalama m'moyo uno, amene anandinamizira kuntchito, panalibe ndi mmodzi yemwe wa tatuu.

Ndikudziwa kuti wina watsegula kale Levitiko 19:28. Vesilo lilipodi, limaletsa kudzicheka chifukwa cha akufa ndi kudzilemba zizindikiro pathupi, ndipo ine limandiloza chala mwachindunji popeza wanga ndi wokumbukira womwalira. Ndinalilingalira usiku wambiri ndisanapite. Koma werengani chaputala chonsecho. Vesi 27 ikuletsa kumeta m'mphepete mwa ndevu, vesi 19 ikuletsa kuvala chovala cha ulusi wa mitundu iwiri. Amene amandiwerengera vesi 28 nthawi zambiri amakhala atachokera kometetsa. Za chipini ndiye musavutike n'komwe: pa Genesis 24 wantchito wa Abrahamu anaveka Rebeka mphete pamphuno, ndipo pa Ezekieli 16:12 mphete ya pamphuno ili m'gulu la zokongoletsa zimene Mulungu akuti anaveka Yerusalemu. Akhristu a mpingo wa Coptic ku Egypt amajambulitsa kamtanda padzanja ngati chizindikiro cha chikhulupiriro chawo, ndipo si dzulo anayamba. M'Chisilamu akatswiri ambiri a chipembedzo amaletsa tatuu wosafufutika, koma ndolo za akazi ndi zojambula za henna amalola. Ngati chikumbumtima chanu chikukana chifukwa cha chipembedzo chanu, chimvereni, ine sindingakukankheni. Chimene ndikukana ndi kutola vesi imodzi n'kuisandutsa chikwapu chokwapulira ana a eni.

Chinanso chimene chimandiseketsa ndi mawu akuti "za masiku ano izi". Mu 1991 anthu okwera mapiri anapeza mtembo utauma m'madzi oundana m'mapiri a Alps, m'malire a Italy ndi Austria. Anamutcha Ötzi. Anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 5,300 zapitazo, ndipo pathupi pake anawerengapo matatuu 61, timizere takuda, tambiri tili m'chiuno, m'mawondo ndi m'akakolo, malo amene mafupa ake ankaoneka kuti anali operepeseka. N'chifukwa chake ofufuza ena amaganiza kuti anali ochizira ululu. Makina amagetsi ojambulira tatuu nawo si achilendo: Samuel O'Reilly analembetsa ake ku New York mu 1891, atatengera nzeru pa cholembera chamagetsi cha Thomas Edison. Mzinda womwewo unaletsa kujambula matatuu mu 1961 ponena za matenda a chiwindi, ndipo chiletsocho chinachoka mu 1997. Ku Japan mpaka pano malo ambiri osambira a akasupe otentha amabweza munthu wa tatuu pakhomo chifukwa anthu amagwirizanitsa matatuu ndi zigawenga za yakuza. Pomwe ku New Zealand, Nanaia Mahuta anakhala nduna yoona za maubale ndi mayiko ena mu 2020 ali ndi zojambula za chikhalidwe cha Māori, mtundu wa anthu oyamba kukhala m'dzikolo, pachibwano, n'kumakumana nazo ndi atsogoleri a mayiko. Inki ndi yomweyo, khungu ndi lomwelo. Kuno ndiwe chigawenga, uko ndiwe nduna.

Kwa ine funso lenileni ndi lakuti anasankha ndani. Ku Auschwitz, ndende yozunzirako anthu ya chipani cha Nazi pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, akaidi ankawalemba nambala pamkono mowakakamiza. Akapolo ankawadinda ndi chitsulo chamoto kuti adziwike mwini wake. Choipa pamenepo chinali chakuti wina anatenga thupi la mnzake ngati katundu wake. Ndiye munthu wamkulu akasankha yekha, ali bwinobwino, ndi ndalama zake, kuti khungu lake lioneke mwakuti, ine sindikuonapo mlandu. Ndipo apa ndafika kwa bwenzi lanulo. "Zili ndi iwe" wonenedwa ndi nkhope yokwinya ndi chiletso chovala jekete. Mufunseni anene poyera zimene akuganiza. Ali ndi ufulu wosakonda chipini, monga inu muli ndi ufulu wosakonda ndevu zake. Ufulu umene alibe ndi wokulangani ndi kusalankhula. Komanso chonde, chonde, dzina lake lisafike paphewa panu. Katswiri wa mafilimu Johnny Depp analembetsa "Winona Forever" pamkono ali pachibwenzi ndi Winona Ryder, chibwenzi chitatha anachita kukafufutitsa zilembo kuti patsale "Wino Forever". Iyeyo ndalama zokonzetsera anali nazo.

Zimene khungu limakana

Tsono anzanga a "thupi ndi langa" nawo amandikwiyitsa, chifukwa amalankhula ngati ufulu umachotsa mafinya. Khungu silimva zokambirana. Singano imadutsa khungu lakunja limene limasupuka n'kukasiya inki m'khungu lamkati. Thupi limaona inkiyo ngati mdani, maselo oteteza thupi amaimeza koma amalephera kuigaya, ndiye amangokhala nayo pompo. Akafa, ena atsopano amaitolanso. N'chifukwa chake tatuu sachoka. Ina mwa inkiyo imayenda mpaka kukafika m'tiziwalo tija timatupa munthu akachita mwanabere. Mayiko a European Union anakhwimitsa malamulo a inki mu January 2022, n'kuletsa kapena kuchepetsa mankhwala masauzande amene ankapezeka m'menemo. Inki yofiira ndiyo imakonda kuwenga anthu kuposa mitundu ina.

Choopsa kwambiri ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito. Hepatitis B, hepatitis C ndi HIV zonse zimayenda m'magazi, ndipo kachilombo ka hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo sabata yathunthu m'magazi ouma pachitsulo. Kupukuta ndi sipiriti sikukwanira, kuwaula pamoto wa kandulo ndiye nthabwala chabe. Singano ikhale yatsopano, aitsegule m'paketi inu mukuona. Inki aithire m'kachibekete kakang'ono ka inu nokha, yotsala ataye. Magolovesi avale, ndipo akagwira foni asinthe. Zitsulo zobwereza ziziphikidwa m'makina otchedwa autoclave, amene amapha tizilombo ndi nthunzi yotentha madigiri 121 kapena kuposa. Mukafunsa kuti makinawo ali kuti iye n'kukwiya, nyamukani. Kamfuti koboolera makutu kaja sikatsukika mokwanira ndipo kamaphwanya mnofu m'malo moboola, pamphuno kasayandikire.

Ndiye pali zipsera zotupa zija madokotala amati keloid. Izi ojambula ambiri satchula, koma zimagwira kwambiri anthu a khungu lakuda monga ine, makamaka a zaka zapakati pa 10 ndi 30, ndipo zimayenda m'magazi a pabanja. Chilonda chimapola koma chipsera sichisiya kukula, chimapitirira malire a bala n'kukhala chotupa cholimba, chonyezimira, choyabwa. Malo ake okonda ndi khutu, pachifuwa, kumsana chakumtunda ndi paphewa. Inde, paphewa pomwe mukufunapo. Mnzanga wina anaboola kumtunda kwa khutu, lero kuli chotupa chimene amabisa ndi tsitsi. Anakachidulitsa, chinameranso chokulirapo, chifukwa kudulako ndi bala linanso.

Kupola nako kumasiyana. Kunsi kwa khutu masabata 6 mpaka 8, mphuno miyezi ingapo, kumtunda kwa khutu ndi pamchombo mpaka chaka. Chitsulo cha palilime chimaswa mano ndi kudya nkhama, chimenecho chokha ndiye ndimaletsa ngakhale adani anga.

Za kufufuta ndingonena mwachidule, poti anthu amati "ndikatopa naye ndidzachotsa" ngati akunena za wigi. Makina a laser amaswa inki kukhala tizidutswa toti thupi lichotse pang'onopang'ono. Umapita maulendo ambiri motalikirana masabata angapo, zimapweteka, ndipo mtengo wake umaposa wojambulitsira kutalitali. Inki yakuda imamvera msanga, yobiriwira ndi yachikasu imachita makani, ndipo pakhungu lakuda pamatha kutsala chigamba chotuwa. Bungwe la Pew Research Center linapeza mu 2023 kuti ku United States akuluakulu 32 pa 100 aliwonse ali ndi tatuu, ndipo mwa amenewo 24 pa 100 amanong'oneza bondo ndi mmodzi mwa matatuu awo. Otsutsa amakonda nambala yachiwiriyo. Ine ndimaona kuti atatu mwa anayi sakudandaula, ndipo ndikukayika ngati maukwati angafike pamenepo.

Ndalankhula kwambiri, tibwerere kwa inu. Si kulakwa. Yambani ndi chipini, chifukwa mukatopa nacho mumangovula, bowo limatha kutsekeka kapena kutsala kadontho. Chikhale cha titanium, chifukwa zitsulo zotchipa zimakhala ndi nickel amene amawenga anthu ambiri. Musanaboole kalikonse yang'anani zipsera zanu zakale ndi makutu a abale anu, mukaona chotupa mukayambe mwaonana ndi dokotala. Tatuuyo mujambule kaye papepala, mumate pamene mumaona tsiku ndi tsiku, papite miyezi. Paphewa ndi pabwino pa nkhani ya ntchito poti malaya amabisa, pomwe pakhosi, pankhope ndi pazala olemba ntchito ena amakutaya usanatsegule pakamwa, kaya ndi chilungamo kaya ayi. Amayi anu muwauze musanapite, mwaulemu, mutakhala pansi, ndipo muwauze monga chinthu chimene mwaganiza kale. Mukanena ngati mukupempha chilolezo adzakana, kenako mlandu udzakhala wa kusamvera osati wa chipini.