Ndalama ikukwana makina amodzi okha, ndigule cutter?

Achemwali ena a ku Zomba andilembera imelo, akuti asunga kandalama kokwana makina amodzi basi, akufuna agule vinyl cutter, makina odula zilembo pa vinyl (chipepala chonga sitika chomata pansalu), ayambe kupanga matisheti, ndiye akufunsa ngati angamamate kaye ndi nsimbi ya pakhomo mpaka adzapeze ndalama ya heat press, makina omatira vinyl potenthetsa ndi kupanikiza.

Achemwali, nkhani ya nsimbiyi imandiwawa, mundipirire ndilankhule.

Ntchito iyi ine ndinaphunzira kwa amalume anga, anali ndi kashopu kolemba zikwangwani, ndipo cutter yawo inali ija ya ku China ya masentimita 72 yaphokoso kwabasi. Kuigwira sankandilola. Yanga inali weeding, kukhala pabenchi ndi kachitsulo kosongoka nkumatola tizidutswa ta vinyl tosafunikira, mkati mwa A, mkati mwa O, kadontho ka i nako kakufuna kunyamuka limodzi ndi zinyalala, msana ukuwawa maso ali psuu. Makina amadula mwachangu, munthu ndi amene umachezera. Tsiku lina kunabwera amayi a kwaya ina ndi chijumbo chodzadza matisheti, anapangitsa kwa mnyamata wina wotchipa, angochapa kamodzi zilembo zonse zayamba kusupuka m'makona, dzina la kwaya silikuwerengekanso, ndipo Lamulungu ali ndi ulendo wokaimba. Amalume anangogwira tisheti imodzi, kukanda ndi chikhadabo, chilembo chonse nkuchoka bwinobwino osasiya ndi guluu yemwe pansalu. Anadziwiratu kuti apa panadutsa nsimbi. Tinachezera usiku kukonza, koma chomwe chimandipweteka mpaka pano nchoti amayi aja anapita akuuza aliyense kuti "za vinyl sizikhalitsa". Sanatchule mnyamata uja ayi, anatipaka tonse.

Vinyl ya matisheti ili ndi guluu kumbuyo, ndipo guluuyo amafuna kutentha kwake, nthawi yake komanso kupanikizidwa mofanana paliponse kuti asungunuke alowe mu ulusi. Mwachitsanzo vinyl yotchedwa Siser EasyWeed imafuna madigiri 150 a Celsius kwa masekondi 10 mpaka 15. Nsimbi ikuuzani bwanji kuti yafika 150? Pakati imatentha m'mbali ayi, ili ndi mabowo a nthunzi pomwe sipagunda nsalu, imayaka nkuzima yokha, ndipo dzanja lanu likafika tisheti yachikhumi latopa, silikupanikiza ngati poyamba. Yamakala ndiye tisaitchule nkomwe.

Ndikudziwa komwe maganizowa akuchokera, ndi mavidiyo a pa YouTube aja, mzimayi wa ku America ali ndi ka cutter kake kakang'ono ka Cricut patebulo wapangira mwana wake tisheti imodzi ya birthday wamata ndi nsimbi, zaoneka bwino. Eya zaoneka bwino pa kamera. Koma iye sakugulitsa, komanso kuchapa kwake si kwathu kuno. Ife tisheti timainyika, kuipaka sopo wamtanda, kuifikisa ndi manja awiri, ena kuimenya pamwala, kuifinya, kenako kuyanika padzuwa la Okotobala tsiku lonse. Chomata mwachibwana sichingapirire zimenezo. Ndiye ndinene mosabisa, kulandira ndalama ya munthu pa tisheti yomata ndi nsimbi ndi kumubera, ngakhale mutakhala kuti simunafune.

Ndipo poti tayamba za ndalama, china chomwe chimagwetsa oyamba kumene ndi mtengo. Vinyl sipangidwa kuno, imachokera ku Johannesburg, ku Dar es Salaam kapena ku China, ndiye kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 amene ankawerengera mtengo womwe anagulira rolo yakale anagulitsa zonse nkupeza kuti ndalama sikukwana rolo ina. Muziwerengera mtengo wogulira mawa. Muziwerengeranso nthawi ya weeding, chifukwa kasitomala wofuna vesi yonse kumsana ndi fonti yopyapyala yokhotakhota sangalipire chimodzimodzi ndi wofuna nambala ya jezi. Dipoziti musachite nayo manyazi, olo akhale asuweni anu, achibale ndi amene amati "tangopanga tidzaonana" kenako foni osayankha.

Aaa komanso maoda ena muzikana. Munthu akabwera ndi chithunzi cha malemu kuti chikhale pa matisheti a kuvundukula chiliza, cutter singachite, iyo imangodula mtundu umodzi umodzi, nkhope ya munthu imafuna njira zosindikiza ndi inki monga DTF kapena sublimation, ndipo sublimation imagwira pa poliyesita yoyera kapena yowala basi. Matisheti mahandiredi a kampeni kapena a sukulu ndi a screen printing, yosindikiza ndi utoto kudzera pa sefa, mukawatenga inu ndi vinyl mudzalira. Zanu ndi za bridal shower, chinkhoswe, timu ya mpira ya m'dera, mayina ndi manambala, komwe tisheti iliyonse ikufuna dzina lake.

Ndiye mugule chani

Gulani heat press, ya masentimita 38 kwa 38 ikukwanirani. Kudula kapangitseni kwa amene ali ndi cutter kale, ambiri olemba zikwangwani mtauni amalola ukapita ndi vinyl yako ndi dizaini pa flash, umalipira pang'ono, weeding nkukachitira kunyumba. Pulogalamu yojambulira dizaini ya Inkscape ndi yaulere ngati mulibe ya CorelDRAW. Maoda akachuluka cutter idzadzigula yokha, ndipo pofika pamenepo mudzakhala mukudziwa ngati mukufuna yaing'ono ngati Silhouette Cameo kapena yaikulu yodulanso masitika a galimoto. Chimodzi mudziwiretu, presi imadya magetsi kuposa mawati 1000, ka inverter ka panyumba sikangaikoke, ndiye oda ya Loweruka musamadikire Lachisanu usiku, magetsi akazima mulibe pogwira.

Zina zonse nzachidule. Dizaini muitembenuze isanadulidwe chifukwa mumadula kumbuyo, mbali yonyezimira iyang'ane pansi. Bledi ya madigiri 45 ndi ya vinyl wamba, ya 60 ndi ya vinyl yokhuthala monga glitter ndi flock, ndipo idule vinyl yokha osaboola pulasitiki yonyezimira yomwe vinyl imakhalapo, yesani kaye pakakona. Tisheti muipanikize kaye masekondi pang'ono ichoke chinyezi. Pa poliyesita yofiira samalani, utoto umakwera nkusandutsa zilembo zoyera kukhala zapinki. Funsani wogulitsa ngati pulasitiki imasendedwa ikadali yotentha kapena itazizira, ma vinyl amasiyana. Kasitomala mumuuze adikire maola 24 asanachape, azichapa ataitembenuza, ndipo asasite pa zilembo. Tisheti yoyamba ikhale yanu ya kaunjika, muichape mwankhanza kangapo musanalandire ndalama ya munthu.