App yanga ikukanika kutseguka pa foni ya kasitomala, ndisiye ICT?

Mnyamata wina amene akumaliza dipuloma ya ICT walemba kuti: "Ndinapanga app ya pa intaneti yolembera maoda a shopu. Pa laputopu yanga imathamanga, koma pa foni ya itel ya mwini shopu imangozungulira. Bambo akuti ndisiye zimenezi ndikaphunzire za akaunti. Kodi ndalephera?"

Makalata otere ndi ambiri, ndipo vuto ndi lomwelomweli. Mumayesera ntchito yanu pa Wi-Fi ya kusukulu, pomwe kasitomala ali pa bandulo ya Airtel kapena TNM, foni yake ili ndi RAM ya 1GB kapena 2GB basi.

Werengera wekha. App ya 2MB pa netiweki ya 400 kbps imatenga masekondi 40 kuti itsike. Ikatsika, foniyo iyeneranso kuwerenga ndi kuyendetsa JavaScript yonseyo (khodi yoyendetsa app), ndipo purosesa yofooka imatsamwa pomwepa. N'chifukwa chake 300KB ya JavaScript imalemetsa foni kuposa chithunzi cha 300KB.

Tsegula Chrome DevTools (zida zoyesera masamba mu Chrome), pa Network usankhe 3G, pa Performance uchedwetse CPU kanayi, kenako uyendetse Lighthouse, chida choyeza liwiro la tsamba. Uona wekha chimene chikulemera. Kawirikawiri ndi zithunzi: chithunzi cha kamera cha 3MB chikuonetsedwa m'kabokosi ka mapikiselo 300. Chichepetse, uchisandutse WebP (mtundu wa zithunzi wopepuka), ndipo zithunzi za m'munsi uziike loading="lazy" kuti zizitsika munthu akayandikira pamene zili. Pa seva yatsa gzip kapena Brotli kuti mafayilo azipanikizidwa asanatumizidwe. Ngati unaika Moment.js pongofuna kulemba deti, ichotse, uike Day.js yomwe ndi pafupifupi 2KB basi. Pa app yaing'ono, Preact ya 3KB imatha kulowa m'malo mwa React, chida chopangira maonekedwe a app chomwe ndi cholemererapo. Tsamba la malipoti lizitsika pokhapokha munthu akalitsegula, pogwiritsa ntchito import(). Mafonti okongoletsa asiye, a m'foni akukwana.

Kwa inu bambo, musamuchotse mwana pa njira chifukwa cha vuto lotheka kukonza m'sabata imodzi. Akaunti si pothawira aliyense amene wapunthwa.

Koma nawenso mnyamata, usadzinamize. App imodzi sikupezera ntchito, ndipo achinyamata oonera maphunziro a React pa YouTube ndi ochuluka. Osowa ndi amene amadziwa kupanga app yotseguka pa netiweki yofooka. Ukamakonza, lemba kukula kwa app ndi masekondi otsegukira usanayambe komanso ukamaliza, uike manambalawo pa GitHub (tsamba loonetserapo khodi) ndi pa CV yako. Pa intavyu udzakhale wokonzeka kufotokoza chimene unachotsa ndi chifukwa chake.