Musanathamangire ku boma, yambani mwafika kwa malume

Adzukulu anga angapo, ena ali ku Lilongwe ena ku Joni, afunsa zofanana. Akufuna kulemba mbiri ya banja, koma sakudziwa kuti makolo a agogo awo anamwalira liti, anagona kuti, komanso ngati kuli ofesi yosunga mapepala a imfa zawo. Wina wafunsanso ngati angalowe kumanda kukajambula ziliza.

Musawononge ndalama ya basi poganiza kuti kwa DC mukapeza chikalata cha imfa ya munthu amene anatisiya mu 1958. Lamulo la atsamunda la 1904 silinkakakamiza anthu akuda kulembetsa kubadwa kapena imfa, choncho munthu wa kumudzi ankabadwa, kukalamba mpaka kuikidwa kalaliki osalembapo kanthu. Lamulo loti imfa ya aliyense izilembedwa ndi la 2010, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2015 pansi pa National Registration Bureau. Ofesi imeneyo ikuthandizani pa maliro a posachedwapa, ngati abale anakanena. Zakale zili m'mitu ya anthu, m'makaundula a mipingo ndi kumanda.

Fikani kaye kwa mwini mbumba, malume wamkulu wa mtundu wanu, kenako kwa agogo aakazi, pakuti amayi ndiwo amagona pasiwa ndipo saiwala amene anabwera ndi amene anajomba. Musapite chimanjamanja, shuga, mchere ndi sopo zikwana. Osangofika n'kufunsa kuti "anafa liti?" ngati mukunena za mbuzi. Munthu amamwalira, amatisiya, amatsikira kulichete. Yambani ndi moyo wake: ankalima chiyani, anakwatira kuti, ankapemphera kuti. Za imfayo zidzatuluka zokha. Foni yojambulira mawu muiike poyera mutapempha, osati kuibisa m'thumba.

Apa ndi pamene ambiri mumasokera: mayina. Munthu mmodzi ankatha kukhala ndi dzina la paubwana, la kuchinamwali, la ubatizo, ndi lina limene analembetsa kuntchito, mwina Sikisipensi kapena Foloko. Amayi ambiri ankangodziwika ndi mfunda, Naphiri kapena Nabanda, mwinanso "amake uje". Lembani mayina onsewo, mudzi, mfumu yaikulu ya deralo ndi dzina la bambo ake. Makalaliki akale ankalemba mmene amvera: Phiri n'kukhala Piri, Nkhoma n'kukhala Nkoma. Mukafufuza ndi kalembedwe kamodzi, mudzadutsa agogo anu patsamba osawazindikira.

Chaka musayembekeze kuti akuuzani m'manambala. Akati "chinali chaka cha njala", funsani kuti njala iti, ya 1949 kapena ya 2002. Napolo wa ku Zomba ndi 1946, wa ku Phalombe ndi 1991. Chaka chimene a Kongiresi anamangidwa n'kutengedwera ku Gweru ku Zimbabwe ndi 1959, ufulu ndi 1964, kwacha kulowa m'malo mwa mapaundi ndi 1971, referendamu ndi 1993. Kenako funsani nyengo: kodi anthu anali akusosa, chimanga chinali chitamasula, kapena kunali kukolola? Funso lakuthwa kuposa onsewa ndi ili: pamalirowo ndani anali woyembekezera, ndani anali kumbuyo? Mwana amene anali kumbuyoyo lero ali ndi chitupa cha unzika, ndipo chaka chake chobadwa chikufikitsani pafupi.

Musanachoke, pemphani kuti akutsegulireni sutikesi ya pansi pa bedi. Mumakhala khadi la ubatizo, buku la kuchipatala, Baibulo lolembedwa mayina patsamba loyamba, ndi kope la chipepeso, lija amalembamo kuti uje wapereka ufa, uje nkhuku, uje K50. Pamwamba pa tsamba loyamba la kopelo nthawi zambiri pamakhala tsiku la maliro.

Za kumanda, mdzukulu wanga, mvetsetsa. Kumanda salowako ngati kumsika. Upite kwa a nyakwawa ndi malume ako, ufotokoze chimene wadzera, iwo akupatse munthu wokuperekeza. Kumidzi ya Gule Wamkulu manda ndi dambwenso, ndipo amene sanagule njira akalowako yekha amapalamula mlandu wa nkhuku kapena mbuzi. Okuperekeza abwino ndi adzukulu anzako aja, okumba manda, chifukwa amadziwa kuti banja lililonse limagona mbali iti, ngakhale pamene pangotsala kamtumbira ndi mbale yobooka. Usaloze manda ndi chala, usathyole mtengo, usatolepo kanthu. Zilembo za pa chiliza zambiri anazikanda ndi msomali simenti isanaume. Ziwerenge m'mawa dzuwa likadali chammbali, ndipo zikakana thirapo madzi, usapale ndi waya. Tsikulo usalikhulupirire msanga. Ziliza zambiri zinamangidwa patapita zaka, tsiku n'kulembedwa pongokumbukira.

Ukawasowa agogo aamuna m'manda a mudzi wa agogo aakazi, usadabwe. Mkamwini kawirikawiri ankamutenga kukamuika kwawo kwa amayi ake.

Mipingo ndiyo inayamba kulemba kale. Mishoni ya Blantyre ndi ya 1876, Likoma 1885, Nkhoma 1896, Nzama 1901, Mua 1902. Kwa Akatolika pemphani kwa bambo mfumu kaundula wa ubatizo ndi wa omwalira, koma ku parishi imene inkayang'anira dera lanu nthawi imeneyo. Parishi yatsopano ya pafupi ilibe mabuku a agogo anu. Mayina mudzawapeza m'Chilatini, Petulo ali Petrus, Yohane ali Joannes, ndipo kamtanda pambali pa dzina kamatanthauza kuti munthuyo anamwalira. Ku CCAP wosunga kaundula wa akhristu ndi mlembi wa mpingo. Dzina likasowa, funsani ngati munthuyo sanatenge kalata yosamukira kwina. Kwa Asilamu funsani a shehe ndi amene anaphika sadaka ya masiku 40. Mabukuwa ndi okalamba, ena anadyedwa ndi chiswe: sambani m'manja, osanyowetsa chala ndi malovu potsegula.

Mauthenga a maliro a pa wailesi ya MBC ankangomveka n'kupita ndi mphepo. Nyuzipepala ndiye zinasunga, koma makamaka za anthu a m'tauni: aphunzitsi, abusa, ogwira m'boma. Zakale za Daily Times ndi Malawi News zili ku National Archives ku Zomba. The Nation inayamba mu 1993. Pitani mutadziwa kale chaka ndi mwezi, apo ayi mutha sabata mukutembenuza mapepala. Onaninso tsiku lomwelo chaka chotsatira, pakuti mabanja ambiri ankaika chithunzi cha chikumbutso pakatha chaka. Ngati malemuyo ankagwira ntchito yolembedwa, funsani kwa DC za failo ya chuma cha masiye. Mmenemo mumakhala tsiku la imfa ndi mayina a ana.

Amene anapita ku Wenela, kumigodi ya ku Joni, osabwerako, makaundula awo ali ndi TEBA, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi limene linalowa m'malo mwa Wenela, ndipo chofunika ndi nambala ya pa pasi kapena pa makalata akale a ntchito. Kumbukirani ndege imene inagwa ku Francistown ku Botswana mu Epulo 1974 itanyamula Amalawi ochokera kumigodi, ndi ngozi ya mgodi wa malasha ku Hwange ku Zimbabwe mu 1972 imene inapha anthu oposa 400, Amalawi ali momwemo. Asilikali a Keyala (King's African Rifles) amene anathera kunkhondo afufuzeni ndi dzina pa tsamba la pa intaneti la Commonwealth War Graves Commission, mukuyesa kalembedwe kosiyanasiyana monga ndanena.

Pali imfa zina zimene agogo akafikapo amangoyang'ana pansi: wodzimangirira, wakhate amene anaikidwa payekha, womuganizira ufiti, wotengedwa usiku nthawi ya chipani chimodzi. Za mtayo amadziwa ndi amayi okha, ndipo mwamuna safunsa pagulu. Musakakamize. Lembani dzinalo, musiye mpata pansi pake, mudzabwerenso ndi azakhali tsiku lina. Zimenezi si za pa Facebook. Mwini mbumba aone kaye kopelo musanalitumize kwa abale a ku Joni.