macOS pa ThinkPad T480 ilowa, koma yambani mwaona zomwe zili m'kati

Amwene, mwati mwagula ThinkPad T480 ya kaunjika ndipo mukufuna kuikamo macOS kuti muzipanga ma beat pa Logic Pro poti ya MacBook sikukwana. Eee ilowa, ndipo mwagwa pabwino chifukwa T480 ndi imodzi mwa ma laputopu omwe anthu a Hackintosh, oika macOS pa makompyuta osakhala a Apple, amawakonda kwambiri. Koma awa akukuuzani kuti ingopangani download EFI (foda ya mafayilo omwe amayatsa macOS) ya munthu wina muponye pa flash basi zatheka, musawamvere msanga, ma T480 sali ofanana onse m'kati ngakhale kunja akuoneka chimodzimodzi.

Nkhani yake ili chonchi. macOS imadziwa zipangizo zokhazo zomwe Apple inaikapo m'makompyuta ake. Kuyambira 2006 Apple inkagwiritsa ntchito ma processor a Intel, omwewa ali mu Dell, HP ndi Lenovo, ndiye anthu anaona kuti mpata ulipo. Chimene chimachitika ndi choti kaprogramu kotchedwa OpenCore kamayamba kudzuka kompyuta ikangoyaka, n'kuinamiza macOS kuti ino ndi MacBook yeniyeni, kenako kamalowetsa ma kext, omwe ndi ma driver a ku Mac. Lilu ndi VirtualSMC popanda amenewo palibe chomwe chiyake, WhateverGreen ndi ya graphics, AppleALC ya sound, IntelMausi ya chingwe cha intaneti, VoodooPS2 ya kiyibodi. Mukamva ena akutchula Clover, imeneyo imagwira ntchito ngati OpenCore koma ndi yakale, inu yambirani pa OpenCore ndipo muwerenge guide ya Dortania mwakachetechete, ndiyotalika zedi koma ndi yomwe imafotokoza chifukwa cha chilichonse.

Musanagule ndi bandulo yomwe, tsegulani Device Manager pa Windows muone zinthu izi. Processor ikakhala i5-8250U kapena 8350U muli bwino, graphics yake ya UHD 620 imayenda. Ma T480 ena ali ndi NVIDIA MX150 pamwamba pake, imeneyo iwalani, sidzagwira ntchito, mungoizimitsa kuti isamadye batire pachabe. Apple ndi NVIDIA anasiyana kalekale, ma driver ake anathera pa macOS High Sierra, ndiye amene muli ndi NVIDIA RTX yankho lanu ndi lomweli. Chimodzimodzi wa laputopu ya Intel 11th gen kupita m'tsogolo, graphics ya Iris Xe macOS siidziwa, ngakhale ilowe izikhala ikukoka ngati ngolo ya ng'ombe yodwala.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa SSD. Mukaona palembedwa Samsung PM981, imeneyo imavuta kwambiri, installer imafika pakati n'kuima kapena kompyuta kumangodzizimitsa n'kuyakanso, inu n'kumasintha config.plist, fayilo ya ma setting a OpenCore, usiku wonse kumaganiza kuti mwalakwitsa penapake pomwe vuto ndi SSD. Ine ndingakonde mugule SSD ina yapadera, kaya ya WD, muchotse ya Windows ija muisunge mu drowa mmene ilili ndi mafayilo anu onse. Zikakanika mungobwezeretsa, simunataye kanthu. Zogawa disk imodzi pakati ulendo woyamba ndi mmene anthu amafufutira zithunzi za ukwati.

Wi-Fi yake nthawi zambiri ndi ya Intel 8265. Apple sinaigwiritsepo ntchito koma pali kext ya AirportItlwm yomwe imaiyendetsa mpaka pa macOS Sonoma, pa macOS Sequoia mumafunika itlwm ndi kaprogramu ka HeliPort kolumikizira. AirDrop musaiyembekezere, fingerprint nayonso ayi. N'chifukwa chake ndinganene kuti yambani ndi Ventura kapena Sonoma, osathamangira yatsopano.

Za data konzekani. Installer yathunthu imapitirira 12GB. Mukamapanga flash kuchokera pa Windows mumatsitsa ka recovery kakang'ono kokha, koma zotsalazo imakatenga pa intaneti nthawi yomwe ikuika, ndiye network ikaduka pakati mwayambiranso ndipo data ija yapita. Pezani malo pomwe pali router mulumikize ndi chingwe, Wi-Fi mu recovery siyodalirika. Komanso tchajani mabatire onse awiri, T480 ili ndi lam'kati ndi lakumbuyo lochotseka lija, poti magetsi athuwa mukuwadziwa ndipo kompyuta imadzipanga restart kangapo isanamalize.

Mu BIOS mumalowa ndi F1, zimitsani Secure Boot, ndipo F12 ndi yosankhira flash. Mu config.plist, pa mzere wa boot-args, ikanimo -v kuti m'malo mwa chiapulo chija muziona malemba akutsetsereka pa screen. Ikaima, jambulani mizere yomalizayo ndi foni, ndi yomwe imanena chomwe chavuta. Munthu akangobwera n'kuti "yaima pa apulo" palibe angamuthandize.

Tibwerere ku EFI ya eni ake ija. Kuiona kuti muphunzirepo palibe vuto, pa GitHub zilipo zambiri za T480. Koma m'kati mwake mumakhala serial number, ndipo ngati anthu mazana akugwiritsa ntchito serial imodzi inu n'kulowa ndi Apple ID yanu, mukuziputa dala, iMessage ikhoza kukana kapena akaunti kuvuta. Pangani yanu ndi kaprogramu ka GenSMBIOS, pa mtundu wa Mac woyerekezera ambiri pa laputopu imeneyi amasankha MacBookPro15,2. China ndi choti EFI yomwe simunapange nokha, tsiku lomwe update idzaiphwanye mudzangoti kakasi osadziwa poyambira. Ikangoyenda bwino koperani EFI yonse pa flash ina muisunge, ndipo ma update odzichitikira okha muwazimitse.

Poti inu ndi wa nyimbo, ma USB muwapange map bwinobwino ndi USBToolBox mukadali pa Windows, macOS imalola ma port 15 okha pa controller ndipo mukapanda kukonza mupeza port ina ikugwira ina ayi. Chosangalatsa n'choti ma audio interface ngati Focusrite Scarlett pa macOS safuna driver, mungobaya basi. RAM ya 8GB ichepa mukayamba kuunjika ma plugin, koma T480 ili ndi malo awiri a RAM ndiye kuwonjezera n'kosavuta. Logic Pro yeniyeni ndi $199.99 pa App Store, muiwerengere imeneyonso, za crack zija ine sindilowamo.

Mwafunsanso ngati n'zololedwa. Laisensi ya Apple imati macOS iziikidwa pa makompyuta a Apple okha, ndiye mukuphwanya mgwirizano umenewo, tisanamizane. Amene anaona zakuda ndi kampani ya Psystar ya ku Florida yomwe mu 2008 inayamba kugulitsa makompyuta oikamo kale Mac OS X, Apple inaitengera kukhoti n'kupambana mu 2009, bizinesi n'kuthera pomwepo. Ndiye zomatsegula shopu yoikira anthu n'kumalipiritsa ndi nkhani ina.

Koma chachikulu chomwe ndikufuna mumve ndi ichi, msewu umenewu ukutha. Mu 2020 Apple inayamba kupanga ma chip ake, kuyambira M1, ndipo mu June 2025 inalengeza kuti macOS 26 Tahoe ndi yomaliza kuyenda pa Intel. Ikatha imeneyo palibe OpenCore yomwe idzakupulumutseni, ndipo opanga ma plugin nawonso pang'onopang'ono azisiya za Intel. Ngati mukufuna kuphunzira Logic ndi kuona ngati mukuikonda, pitirizani, zaka zingapo ikutumikirani ndipo mudziwa zambiri za kompyuta yanu. Koma ngati ndi studio yoti oimba azilipira session, kompyuta yomwe ingakane kuyaka woimba ali pa mic siyabwino, kuli bwino muzigwiritsa FL Studio kapena Reaper pa Windows yomweyo uku mukusunga ya Mac mini ya M1 yogwiritsidwapo kale ntchito, monitor ndi kiyibodi mungapeze zotchipa.

Ponyani screenshot ya Device Manager pano, mutsegule pa Display adapters, Disk drives ndi Network adapters, tione ngati SSD yanuyo ndi PM981 musanawononge ndalama.