Yankho kwa achimwene a ku Zóbuè: Manos yoti muonetse ndi iti?

Achimwene, funso lanu ndinaliona dzulo usiku, koma ndinati ndiyambe ndatseka kaye pantchito chifukwa si loyankha ndi mizere iwiri. Mwati filimu yoopsa ija ya Manos: The Hands of Fate muli nayo pa chimbale cha mafilimu 12 chimene munagula pamsika, muli nayonso ina pafulashi imene pansi pake pamaoneka zithunzithunzi za mitu itatu yoyankhulayankhula, ndipo alamu anu a ku Johannesburg akuti angakupezereni ya Blu-ray, chimbale chonga DVD koma cha chithunzi choyera kwambiri. Mukufuna kudziwa yoti muonetse m'nyumba yanu ya vidiyo, komanso ngati Blu-ray idzathetse mdima uja ndi mawu osemphana ndi milomo. Ine zitatu zonsezo ndinaziona. Vidiyo ndinaonetsako zaka zingapo kuno ku Ulónguè ndisanayambe kukonza madeki ndi ma TV, ndiye zimene makasitomala amadandaula akakhala pabenchi ndimazidziwa.

Musanatumize alamu anu kusitolo, siyanitsani zinthu ziwiri: pali zolakwika zimene filimuyi inabadwa nazo, ndipo pali zimene inatola m'njira pokopedwakopedwa. Chimbale chabwino chimachotsa zachiwirizi basi. Zoyambazo mudzazipeza ngakhale mutagula chimbale cha golide.

Filimuyi inajambulidwa mu 1966 ku El Paso, m'chigawo cha Texas ku America. Mwini wake, Harold P. Warren, sanali munthu wa mafilimu ayi. Ankagulitsa inshuwalansi, ndipo ambiri amamukumbukira monga wogulitsa feteleza. Anasonkhanitsa ndalama pafupifupi madola 19,000, natenga anthu ochita zisudzo a m'tauni momwemo, iye mwini n'kusewera ngati bambo wa banja limene limasochera pa ulendo n'kukafika panyumba ya munthu woopsa wa akazi ambiri. Dzina loti manos ndi Chisipanishi, kutanthauza manja, mãos pa Chipwitikizi. N'chifukwa chake mkanjo wakuda wa mwini nyumba uja uli ndi zikhatho ziwiri zofiira akatambasula mikono. Ndalongosola zimenezi chifukwa wina m'munsimu amafunsa ngati ili filimu ya mano a m'kamwa.

Kamera imene anagwiritsa ntchito inali ya Bell & Howell ya filimu ya mamilimita 16, yochita kupukusa ndi dzanja, ndipo ikapukusidwa inkajambula masekondi 32 okha n'kuima. Ndiye mukaona chithunzi chikudumpha pakati pa nkhani, munthu anali apa mwadzidzidzi ali apo, musafulumire kupukuta chimbale ndi malaya. Si kukandika kumeneko. Kamerayo sinkatolanso mawu. Mawu onse anachita kuwaikamo pambuyo pake, ndipo anthu ochepa okha ndi amene anayankhulira ochita sewero onse. Jackey Neyman, kamtsikana kamene kanasewera ngati Debbie, mwana wa banja lija, kanalira katamva mawu a munthu wamkulu akutuluka pakamwa pake tsiku loyamba kuonetsa filimuyi, pa 15 Novembala 1966. Choncho milomo ndi mawu sizidzagwirizana pa mtundu wina uliwonse. Tsiku lina mnyamata anandibweretsera deki yake kuti ndiikonze, akuti ikuchedwetsa mawu. Ndinaikamo chimbale cha nyimbo za kwaya, milomo ndi mawu zinayendera limodzi bwinobwino. Vuto silinali deki.

Mdima nawo wina ndi wobadwa nawo. Zigawo za usiku anazijambuladi usiku, nyale zili zochepa. Apolisi awiri aja akamva kulira kwa mfuti amangoyenda mapazi ochepa kuchoka pagalimoto n'kubwerera, chifukwa kupitirira pamenepo kunalibe kuwala koti kamera iwaone. Agulugufe ausiku amene amazungulira kutsogolo kwa kamera anakopeka ndi nyale zomwezo. Ulendo wa pagalimoto woyambirira uja, wotenga mphindi pafupifupi 9 popanda chochitika, akuti unakonzedwa kuti pakhale mayina a ochita sewero, koma mayinawo sanawaikepo.

Tsono tibwere ku chimbale chanu cha pamsika. Chimenecho ndicho ndikukuletsani, ndipo ndifotokoza chifukwa chake. DVD wamba imalowa magigabaiti 4.7, ya mipanda iwiri imalowa 8.5. Mukagawa malo amenewo kwa mafilimu 12, iliyonse imapeza mamega osafika 400, kapena cha m'ma 700 ngati chimbale chili cha mipanda iwiri. Kuti filimu ikwane pamalo ochepa chonchi amachita kuifinya, ndipo pofinya kompyuta imataya kaye zimene ikuganiza kuti diso silingazione. Malo oyamba kutayidwa ndi amdima. Filimu ya nkhondo yojambulidwa masana dzuwa likuswa mtengo imapirira kufinyidwa koteroko. Koma Manos mbali yake yaikulu ndi usiku. Pa chimbale chotere, chigawo chimene akazi a mwini nyumba akumenyana pamchenga atavala zoyera chimasanduka timabokosi totuwa tosuntha pamwamba pa chinsalu chakuda. Simungadziwe kuti dzanja ili ndi la yani.

Komanso amene anabena chimbalecho sanatenge kuchokera pa filimu yoyera. Kwa zaka zambiri anthu ankaiona Manos ngati yopanda mwini, popeza Warren sanalembepo chizindikiro cha umwini monga malamulo a ku America a nthawi imeneyo ankafunira, ngakhale mwana wake anadzatsutsa zimenezi pambuyo pake. Choncho aliyense ankangokopa pamene wapeza. Filimu ya mamilimita 16 ija anaikuza kufika pa 35 kuti ionetsedwe m'nyumba za kanema, ndipo pokuzapo inachita chimbuuzi. Makope amenewo anatha ndi kuzungulira, kenako anawasamutsira pa tepi ya VHS, kuchoka pa tepi kupita pa DVD, kuchoka pa DVD kupita pa intaneti, mpaka kwa wobena wa pamsika. Zili ngati chikalata chimene mwachichita fotokope, n'kuchitanso fotokope ya fotokopeyo kasanu. Chidindo chimatsala chibanga chakuda.

Ine ndinaionetsapo ya mtundu umenewu mwezi wa Julaye wina, kukuzizira koopsa monga mukudziwira Angónia. Anyamata onyamula matumba a mbatata ya kachewere anali atadzaza mabenchi, zipewa zili m'makutu. Titafika pakati, mmodzi anaimirira n'kupita kukapukuta galasi la TV ndi mkono wa jekete, poganiza kuti lachita nthunzi. Ena anayamba kunena kuti jenereta yafooka. Tsiku limenelo ndinabweza ndalama za pakhomo kwa anthu angapo, ndipo ndinachoka ndi maganizo oti filimuyi mulibe kanthu koti munthu n'kuona.

Ya pafulashi ija ndi nkhani ina. Mitu itatuyo ndi ya pulogalamu ya pa TV ya ku America yotchedwa Mystery Science Theater 3000, imene inaonetsa Manos mu Januwale 1993. Munthu mmodzi ndi zidole ziwiri amakhala ngati ali m'nyumba ya kanema n'kumaiseka filimu ikuyenda. Pulogalamu imeneyi ndi imene inaidzutsa Manos itaiwalika zaka zoposa 25, ndiye sindiinyoza. Koma nthabwala zake ndi za Chingelezi chothamanga, zokamba zinthu za kwawo komweko, ndipo zimaphimba mawu a filimu. Kwa anthu athu oyankhula Chichewa ndi Chipwitikizi limangokhala phokoso pamwamba pa phokoso. Imeneyo sungani yoonera nokha.

Yotsalayo ndiye yabwino, ndipo mbiri yake imandikhudza mtima. Mu 2011 mnyamata wina amene anaphunzira zojambula mafilimu, Ben Solovey, anapeza filimu yeniyeni ya mamilimita 16 imene Warren ankadulira ndi kulumikiza, itasakanikirana ndi mafilimu ena akale. Anapempha chithandizo pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkherapo ndalama, anthu n'kusonkha pafupifupi madola 48,000, kuposa kawiri ndalama zimene zinapangira filimuyo. Anaitsuka, naijambulanso chithunzi chimodzichimodzi, ndipo mu Okutobala 2015 kampani ya Synapse Films inaitulutsa pa Blu-ray ndi pa DVD.

Ndinaionera kwa mnzanga wina ku Matundo, mu mzinda wa Tete, pa PlayStation 3 yake, zimene zimawerenganso Blu-ray. Kunja kunali kutentha kwa Novembala, fani ikungozunguza mphepo yamoto, koma sindinadzuke mpaka inatha. Chimene chinandigwira ndi nkhope ya Torgo, wantchito wa maondo otupa uja. Pa chimbale cha pamsika ndinkangoona chipewa ndi ndevu. Apa ndinaona maso ake akuphethiraphethira, thukuta pamphumi, zala zikunjenjemera pa ndodo, jekete lake litachita fumbi m'mapewa. Ndinazindikira kuti mnyamatayu ankaseweradi ndi mtima wake wonse. Dzina lake anali John Reynolds, ndipo anamwalira ali ndi zaka 25, patatsala mwezi umodzi kuti filimu ionetsedwe. Sanadzionepo yekha pa chinsalu. Zikhatho za pa mkanjo zija, zimene ndinkaziyesa zofiirira ngati dothi la katondo, zinatuluka zofiira piriwiri. Chithunzi chopenta cha mwini nyumba ndi galu wake chimene chili pakhoma chinaoneka bwino lomwe, ndipo amene anachipenta ndi Tom Neyman yemweyo wosewera ngati mwini nyumba, bambo ake a Jackey. Mkanjowo unasokedwa ndi mkazi wake. Ukadziwa zimenezi umaona kuti inali ntchito ya banja ndi anansi, monga mmene achinyamata a pa tchalitchi amakonzera sewero la Pasaka ndi nsalu zobwereka kunyumba.

Koma ndisakunamizeni, kuyera kumeneku kumaonetsanso poyera zolakwika zonse. Kathabwa kamene amawomba poyamba kujambula kamaoneka pakona m'chigawo cha mnyamata ndi mtsikana a m'galimoto aja. Pamene kamera sinalunjike bwino, chimbuuzi chilipobe. Mudzaonanso timadontho tosaoneka bwino tikunyeng'enya pachithunzi chonse ngati mchenga wosalala. Chimenecho si chilema, ndi mmene filimu ya mamilimita 16 imaonekera, ndipo anachita bwino kusachifafaniza, chifukwa akachifafaniza nkhope zimasanduka ngati zidole za pulasitiki. Pa Blu-ray yomweyo anaikaponso mtundu wosatsuka, wokhala ndi mizere ndi zipsera zake, ndiye mukhoza kuyerekeza nokha.

Funso ndi lakuti, kodi muli ndi choonera? Deki ya DVD siingawerenge Blu-ray ngakhale pang'ono. Diso lake limawala kofiira, pamene Blu-ray imafuna diso lowala mtundu wa buluu, lotha kuwerenga timaenje tating'ono kwambiri. Pamafunika makina akeake kapena PlayStation 3, 4 kapena 5 yokhala ndi polowetsa chimbale, chingwe cha HDMI, ndi TV yopyapyala. Kuonjezera apo zimbale zimakhala ndi zigawo za mayiko, ndipo makina a chigawo china akhoza kukana chimbale cha chigawo china. Pa Blu-ray America ndi chigawo A, ife a mu Africa ndife B. Pa DVD America ndi 1, South Africa ndi 2, Mozambique ndi Malawi ndi 5. Madeki otchipa a pamsikawa ambiri sasankha chigawo, koma makina a Blu-ray amasankha.

Ndiye ngati muli ndi deki wamba ndi TV ya mainchesi 32 monga ambirife, uzani alamu anu afune DVD ya Synapse Films, yotsukidwa ija. Zoona, DVD ya ku America ili ndi timadontho 720 m'litali ndi 480 m'lifupi pamene Blu-ray ili ndi 1920 ndi 1080, koma munthu wokhala pa benchi lachinayi kusiyana kumeneko sakuona. Chimene adzaone ndi chakuti filimu imodzi yatenga chimbale chonse yokha ndipo gwero lake ndi loyera. Ngati TV yanu ili yakale ya chimsana, kumbukirani kuti zimbale za ku America ndi za NTSC pamene kuno tinkayendera PAL, njira ziwiri zosiyana zotumizira chithunzi pa TV. Chithunzi chikatuluka chopanda mitundu kapena chikamagudubuzika, lowani mu Setup ya deki musankhe PAL, zitheka. Pa TV yopyapyala filimuyi idzasiya mizere yakuda kumanzere ndi kumanja chifukwa inajambulidwa ya 4:3. Makasitomala adzakuuzani kuti mudzadzitse galasi lonse. Musalole, mukaitambasula anthu onse amafupika n'kunenepa, ndipo maondo a Torgo, amene ndi chinthu choti anthu achione, amasiya kudabwitsa. Pitani pa Formato musiye pa 4:3.

Mawu amodzi okhudza ana, poti ndikudziwa kuti masana amadzaza ndi iwowo. Magazi mulibe ambiri, koma muli dzanja lopserera pamoto, akazi akumenyana atavala zopyapyala, ndipo pamapeto kamtsikana kaja amakaimika pamodzi ndi mayi ake pakati pa akazi a mwini nyumba. Zimenezo ine sindingaonetse mwana wa pulayimale. Iikeni usiku, akulu okhaokha, ndipo ngati muli ndi mnyamata wodziwa kumasulira pa maikolofoni muuze aionere kaye yekha, chifukwa muli malo ambiri opanda mawu amene adzafunika kuwadzaza pofotokoza zimene zikuchitika.

Alamu anu asanalipire, awuzeni ajambule kuseri kwa bokosi akutumizireni pa WhatsApp, ndipo inu mudzaike chithunzicho muno. Tidzaone ngati palembedwa Synapse Films, chaka cha 2015, ndi chigawo chake. Chimbale chikamabwera asachiike pafupi ndi galasi lakutsogolo la chapa (minibasi). Dzuwa la pakati pa Changara ndi Moatize limapinda pulasitiki, ndipo zitatu zopindika chonchi zili m'kabati mwanga muno, eni ake anazisiya.