Kuvotera membala amene ali kutali pa msonkhano wa pachaka

Mayi ena a ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, atilembera pa imelo. Akuti m'bungwe lawo lothandizana pa maliro, mamembala ambiri ali ku Johannesburg, ena anabwerera kumudzi ku Malawi. Pa msonkhano wa chaka chatha bambo wina anatulutsa mulu wa makalata, nati eni ake amutuma kuti awavotere, ndipo anadzisankha nawo kukhala msungichuma. Akufunsa ngati zotere ndi zololedwa.

Mayi, yambani mwatsegula malamulo a bungwe lanu. Kuno ku Zimbabwe lamulo la makampani la 2019 limalola mwini masheya kutuma womuimira, koma bungwe ngati lanu limayendera zimene munalemberana nokha. Ngati mulibemo ndime yolola kuvoterana, makalata aja analibe mphamvu.

Ife tikuti ikanimo ndimeyo, chifukwa wa ku Johannesburg amasonkha mwezi ndi mwezi ngati inu nomwe. Koma muimange bwino.

Fomu ikhale imodzi, yochokera kwa mlembi, ndipo ipite limodzi ndi kalata yoitanira msonkhano. Palembedwe dzina la membala, nambala ya chitupa chake, dzina la womuimira, tsiku la msonkhano ndi siginecha. Chachikulu n'chakuti pa nkhani iliyonse mwini wake achonge yekha: inde, ayi, kapena sindivota. Fomu yopanda kanthu pamenepa ndiyo imabweretsa mavuto, popeza wotumidwayo amavota za kumtima kwake.

Fomuyo ifike kwa mlembi kudakali maola 48 msonkhano usanayambe, monga amachitira makampani ambiri. Nthawi imeneyo mlembi aone m'kaundula ngati munthuyo alidi membala komanso ngati alibe ngongole ya zosonkha. Chithunzi cha pa WhatsApp chilandiridwe pokhapokha chachokera pa nambala imene ili m'kaundula, ndipo mlembi aimbe kuti amve mawu a mwini wake.

Munthu mmodzi asaimire oposa awiri. Amene akupikisana pa mpando asanyamule fomu ya wina aliyense, ngakhale ya mkazi wake.

Powerenga musakwezetse manja, poti wotumidwa ndi anthu awiri dzanja lake limawerengedwa kamodzi. Mupatseni mapepala atatu, lake ndi a omutumawo. Mwini fomu akatulukira yekha pakhomo, fomuyo yatha ntchito. Mulembenso poyera ngati oimiridwa akuwerengedwa pa chiwerengero chofunika kuti msonkhano uyambe, ndipo mafomu onse asungidwe pamodzi ndi maminitsi.